Mabere a mwamuna: musanapite ku fiyeta, nkhafi mumusiyira ndani?

Funso lafika kuchokera ku Nkhotakota, ndalidula pang'ono poti linali lalitali:

"Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala cha ku Chia, ntchito yanga ndi ya panyanja. Mabere anga anatupa ndili Standard 7 ndipo sanabwererenso, onse awiri koma lakumanzere ndi lalikulupo. Ku doko anzanga onse amavula malaya koma ine ayi olo kutenthe bwanji, amanditchula mayina oti sindingalembe pano. Ndayesa ma push-up, ndamangapo ndi lamba wa chubu, mafuta ena ndinagula pa Facebook koma palibe chasintha. Ndamva kuti pali opaleshoni. Ukwati wanga uli mu December nde ndikufuna ndipangitse mu October kuti ndidzakhale nditachira. Ndikonzekere bwanji, nanga nditenga masiku angati ndisanabwerere pa bwato?"

Achimwene, zikomo polemba, ndikudziwa kuti foniyo munaigwira kangapo nkuyibwezanso mthumba. Ndiyambe ndi kukukhumudwitsani kuti zinazo muzimve mtima uli m'malo: October yo ine sindikugwirizana nayo. Opaleshoni ilipodi, imatheka konkuno ku Malawi, ndakhala nawo mu fiyeta kambirimbiri ikuchitika ndipo ambiri amatuluka akusangalala. Koma za mpeni zija ndi ola limodzi kapena awiri basi. Chomwe chimaononga kapena kukonza chifuwa cha munthu ndi masabata 6 otsatirawo, nde kwa inu wapanyanja masabata amenewa ndi ovuta kuposa kwa munthu wa mu ofesi.

Vuto lanuli dzina lake ndi gynecomastia. Si kulodzedwa, si kuti mukusanduka mkazi, komanso palokha silitanthauza kuti simudzabereka. Mwamuna aliyense ali ndi kanyama ka bere pansi pa nsonga, gland yomweyo yomwe kwa amayi imakula nkumatulutsa mkaka, kungoti kwa ife imagona. Nthupi mwathu muli mahomoni onse awiri, testosterone (yachimuna) wambiri ndi oestrogen (yachikazi) wochepa, nde sikelo ikapendekera ku oestrogen kanyama kaja kamadzuka. Pa nthawi yotha msinkhu, zaka 13 kapena 14, zimachitikira pafupifupi theka la anyamata, ambiri zimatha zokha pasanathe zaka ziwiri. Inu muli m'gulu lochepa lija loti sizinabwerere. Ndipo kanyamako kakatha chaka kapena kuposera kamauma nkukhala ngati mtsempha, apa palibe piritsi, mafuta kapena muzu ungakasungunule. Pali mankhwala otchedwa tamoxifen omwe madokotala pena amapatsa munthu yemwe bere langoyamba kumene ndipo likupweteka, koma lanu la zaka zoposa 10 silingamve zimenezo. Mafuta a pa Facebook aja ndalama zinangopita. Ma push-up nawo amakulitsa mnofu womwe uli pansi pa gland, nde amangolikankhira bere kutsogolo, nchifukwa chake anyamata ambiri amati "ndikamajima ndi pomwe akuonekera kwambiri". Lamba wa chubu yo musiyeni lero, akungokusupulani khungu lomwe dokotala adzalifune lili bwino.

Yesani ichi usiku uno. Gonani chagada, mutenge chala chachikulu ndi chamkombaphala, muyambire patali mbali ziwiri za bere nkumazibweretsa pamodzi pang'onopang'ono kulowera ku nsonga. Ngati zala zikukumana ndi kanthu kozungulira, kolimba ngati mphira, kokhala ngati chitsekerero cha chigubu pansi penipeni pa nsonga, imeneyo ndiye gland. Ngati zala zikungodutsa mpaka kukumana osapeza kanthu, amenewo ndi mafuta chabe, ndipo munthu wotero ayambe wachepetsa thupi asanaganize za mpeni. Ambiri amakhala ndi zonse ziwiri.

Tsopano kukonzekera kwenikweni sikuyambira pa tsiku la opaleshoni, kumayambira pa funso loti chinatupitsa nchani. Inu zikuoneka kuti ndi za kutha msinkhu zija, koma dokotala wabwino sangangokhulupirira nkhani yanu, akuyezani thupi lonse, ndipo musadabwe akakuuzani kuti tsitsani buluku. Akufuna agwire machende, pepani mawuwo koma dzina lake ndi lomwelo, chifukwa chotupa cha kumeneko chimatha kuyamba kudzionetsa ndi mabere, komanso ngati ali ang'onoang'ono kwambiri ndi olimba zimaloza ku vuto lina lobadwa nalo. Matsagwidi akatsikira kumusi munthu atakula kale amatha kuwaononga, khate nalo limatero. Aona chiwindi, poti chiwindi ndi chomwe chimaphwanya oestrogen, nde chikafooka ndi kachasu kapena hepatitis B homoniyo imachuluka. Impso, chithokomiro, zonsezo. Kenako mankhwala: spironolactone wa a mtima ndi chiwindi, cimetidine wa zilonda zam'mimba, ketoconazole, mankhwala ena a matenda a maganizo monga risperidone ndi haloperidol, ndi majakisoni a ma steroid omwe anyamata a ku jimu akugulitsana masiku ano. Chamba nacho chimatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, nde poti kwanuko sichisowa, ngati mumakoka nenani poyera, sitikutengerani kupolisi.

Apa ndiimepo kaye chifukwa cha owerenga ena. Amene anali pa ma ARV a 5A, muja munali efavirenz, ena mwa iwo mabere anatupa chifukwa cha mankhwalawo, ndipo ndinaona abambo angapo akusiya kumwa mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Kuyambira 2019 anthu ambiri anasinthidwa kupita ku 13A momwe muli dolutegravir nde vutoli linachepa. Koma ngati inu mukuwerenga muli pa mankhwala alionse ndipo mukuganiza kuti ndi omwe akutupitsani, chonde musasiye nokha, pitani mukanene akusinthireni. Ndipo kukhala ndi HIV sikuletsa opaleshoniyi, bola mukumwa bwino ndipo viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ili pansi.

China chomwe sindingadumphe: abambo nawo amadwala khansa ya bere, mwa odwala khansa imeneyi 100 pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna. Chotupa cholimba ngati mwala, cha mbali imodzi, chosakhala pakati pa nsonga koma chapambali, chosasuntha, nsonga yolowa mkati kapena yotuluka magazi, mwanabele kukhwapa, makamaka kwa bambo wamkulu, zimenezo sizodikira mwezi wabwino ayi, mawa lomwe kuchipatala. Zanu achimwene sizikumveka choncho, za mbali zonse ziwiri kuyambira ubwana nthawi zambiri si khansa, olo lina likulepo kuposa linzake.

Poyambira ndi pafupi pompo, chipatala cha boma pa Nkhotakota kapena St Anne's, mutenge buku lanu la kuchipatala. Akakuonani nkupeza kuti pakufunika dokotala wa maopaleshoni wamkulu akulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndikuuzeni zoona kuti mudzapite mtima mutaukonza: ku chipatala cha boma fiyeta imayamba ndi amayi oyembekezera, a ngozi za pamsewu, a khansa, a matumbo opotana, nde munthu wa mabere osapweteka amakhala kumapeto kwa mzere ndipo tsiku lanu likhoza kusunthidwa kangapo. Si nkhanza, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ichi chokha chikukwanira kugwetsa pulani yanu ya October. Mukasankha zolipira, funsani mtengo wa zonse pamodzi, wogonetsa, bedi, mankhwala, kuyeza kanyamako ku labu, ma review, komanso funso lomwe anthu amaiwala: magazi akaundana nkufunika kubwereranso mu fiyeta, alipira ndani? Amene ali pa MASM kapena inshulansi ina afunsiretu ndipo yankho likhale lolembedwa, poti zinthu zomwe amaziona ngati zokongoletsa thupi ma inshulansi ambiri salipira. Ndipo dokotala aliyense wofuna kukudulani akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Mufunseni maso ndi maso kuti wapangapo angati otere, adula pati, ndipo usiku mukatupa mumupeza bwanji. Akakwiya ndi mafunso amenewa nyamukani.

Opaleshoniyo imayenda chonchi. Nthawi zambiri amakugonetsani tulo, pena ngati ndi kakang'ono amangobaya jakisoni wa dzanzi nkukupatsani woledzeretsa pang'ono. Amacheka kachigamba ngati mwezi wongooneka kumene, kutsata m'munsi mwa pakuda pozungulira nsonga paja, kuti chipsera chidzabisale pamalire a pakuda ndi khungu. Kudzera pamenepo amasenda gland ija nkuitulutsa. Pansi pa nsonga amasiya dala kachidutswa kochepa, chifukwa akakokolola zonse nsonga imamira nkusiya dzenje ngati mbale, ndipo dzenje limenelo kulikonza nkovuta kuposa bere lomwe munabwera nalo. Nde musadzamukakamize dokotala kuti "chotsani zonse adokotala". Pomwe pali makina a liposuction amayamwanso mafuta a m'mbali kuti chifuwa chisalale, koma si paliponse pomwe alipo, funsani. Ngati bere ndi lalikulu logwa ngati la mayi woyamwitsa, khungu lotsala limafunika kudulidwa, apa zipsera zimakhala zazitali ndipo muyenera kugwirizana musanagone. Chomwe achotsacho chipite ku labu, zotsatira zake mudzazifunse.

Nkhani ya chipsera ndiikhalitse chifukwa ndi yomwe ife akhungu lakuda imatipweteka ndipo zithunzi za pa intaneti zija sizikuuzani, zambiri ndi za azungu. Pali anthu omwe bala likapola chipsera sichiima, chimapitiriza kukula, kutupa, kunyezimira, kuyabwa, mpaka kupitirira malire a bala. Ndi keloid imeneyo. Mwaonapo atsikana oboola makutu nkumera chinthu ngati nthudza kukhutu. Chifuwa, mapewa ndi makutu ndi malo omwe keloid amakonda kwambiri. Nde musanapite kulikonse dziyendereni thupi: pomwe anakutemerani mphini muli mwana, pa katemera wa paphewa, pomwe mbedza inakulowani, pomwe munapsa ndi nyali ya kauni. Zinapola mosalala kapena zinatumphuka? Aoneninso amayi anu, abambo, azibale anu, poti zimayenda m'magazi. Ngati kwanu kuli keloid muuzeni dokotala tsiku loyamba. Sikuti basi opaleshoni yalephereka, pali majakisoni a steroid obaya pachipsera penipenipo ndi timapepala ta silicone tomata, koma ine munthu wa keloid yoopsa ndi mabere aang'ono ndimamuuza mosabisa kuti aganize kawiri, chifukwa akhoza kusinthanitsa manyazi ena ndi ena nkumavalabe malaya ku doko.

Tsiku likapatsidwa, za kuchita ndi izi. Fodya, kaya ndi ndudu, chingambwe kapena chamba chija, mulekeretu masabata 4 opaleshoni isanachitike ndi ena 4 itachitika. Sindikunena ngati abusa. Gland ikachotsedwa nsonga imatsala ikudalira timitsempha ting'onoting'ono ta m'khungu, fodya amafinya timitsempha timeneti, nde nsonga ikhoza kuda, kuuma nkufa, ndipo nsonga ikafa siimeranso. Mowa siyani sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati muli womwa tsiku ndi tsiku woti mukapanda kumwa manja amanjenjemera, musasiye mwadzidzidzi nokha, muuzeni wogonetsa. Aspirin, bufeni, indosidi, diclofenac, zomwe asodzi mumameza ngati mtedza msana ukamapweteka, zimachedwetsa magazi kuundana, nde pafupifupi masiku 7 mpaka 10 musanalowe musamwe, panado yekha. Timapiritsi ta mutu ta mu golosale werengani pa pepala pake, tina muli aspirin. Koma amene aspirin kapena mankhwala osungunula magazi anachita kulemberedwa chifukwa cha mtima kapena sitiroko asasiye dokotala asananene. Za zitsamba nazo, gondolosi ndi mabotolo a ku msika aja, siyani masabata awiri ndipo munene kuti mumamwa, sitidziwa muli chani mmenemo nde sitifuna kuzidziwira pa tebulo.

Akuyezani kuchuluka kwa magazi, shuga, BP, malungo, ndi zina monga aonera. Inu wa ku Chia ngati mumakodza magazi kumapeto nenani, likodzo limatha magazi mwakachetechete ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo, bwino kuthana nalo kusanafike tsikulo. Zipere, zithupsa kapena mphere pachifuwa ndi kukhwapa zichire kaye. Ubweya wa pachifuwa musamete ndi lezala dzulo lake, timabala ta lezala ndi khomo la tizilombo, ngati nkofunika akametera konko. Chakudya chomaliza chikhale maola 6 musanalowe, madzi oyera mpaka maola awiri, koma zipatala zambiri zimangoti kuyambira pakati pa usiku osadya kanthu, tsatirani zomwe akuuzani ndipo osanama, kaphala ka m'mawa kamatha kubwerera nkulowa m'mapapo muli mtulo. Nyamulani malaya a mabatani kutsogolo, ma T-shirt ovulira kumutu muwaiwale kwa masabata awiri. Gadiyani akhale munthu wamphamvu woti akhoza kunyamula chikwama ndi kukudzutsani pa bedi. Ndipo vesti yothina yovala opaleshoni itachitika, compression vest, mugulire kusanafike tsikulo, ziwiri ngati thumba likulola kuti ina ikamauma ina muli nayo. Ikasowa, bandeji ya crepe yotambalala imagwira ntchito bola akuphunzitseni kamangidwe kake, yothina koma yoti mukupuma bwino ndipo chala chikulowa.

Mukadzuka chifuwa chidzakhala chomangidwa, mwina ndi timapaipi tiwiri totulukira m'mbali tokhetsera magazi m'kabotolo. Timachotsedwa pakatha tsiku limodzi mpaka atatu zotuluka zikachepa. Ululu wake si woopsa, ambiri amati ngati wamenyedwa zibakera pachifuwa. Choopsa pa masiku awiri oyamba ndi magazi kuundana mkati, haematoma, ndiye vuto lomwe limachitika kawirikawiri pa opaleshoni imeneyi. Pomwe panali gland patsala mphako, kamtsempha kamodzi kakatseguka mphako ija imadzadza. Chizindikiro chake: mbali imodzi ikutupa mofulumira kuposa inzake, yalimba gwa, ikupweteka mowonjezereka, khungu likunyezimira. Zikatero si za mawa, ndi za ola lomwelo. Nchifukwa chake ndikuti musatuluke mu fiyeta ku Lilongwe nkukwera Sienta tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kenako M5 mpaka kwanuko, mutapanikizana anthu anayi pampando, chigongono cha mnzanu chili pa bala, galimoto ikudumpha. Pezani m'bale mu town mugone masiku atatu kapena anayi, timapaipi tichoke, dokotala aone, kenako muzibwera, mukhale mpando wakutsogolo mutaika kapilo kapena chitenje chopinda pakati pa lamba ndi chifuwa. Kabaza wa njinga yamoto ayi kwa masabata awiri.

Ndikuuzeni za mnyamata wina, msinkhu ngati wanu, nayenso wapanyanja. Opaleshoni inayenda bwino kwabasi, tsiku lachitatu anapita kwawo akuseka. Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa anangopita ku doko kukaona anzake akubwera ndi usipa, sanapite kukagwira ntchito ayi, kukangoona. Boti likukokedwera kumtunda anthu anachepa, wina nkukuwa kuti tagwira apa iwe, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira, mwamuna sungaime manja m'thumba anzako akubuula. Anagwira chingwe nkukoka kamodzi. Anati anamva kuti thapu kumanja, ngati ulusi waduka. Pofika madzulo anatipeza atagwira bere ndi dzanja ngati wanyamula papaya, lolimba, lotentha, vesti ataivula poti imamupweteka. Tinabwerera naye mu fiyeta usiku, kumasula ulusi, kukokolola magazi oundana odzadza kambale, kumanga kamtsempha nkusokanso. Anachira, koma mbali imeneyo inatsala yolimba ndi yokwinyika kwa miyezi yambiri ndipo chipsera chake sichinafanane ndi chinzake. Chomwe ndinaphunzira kwa iye nchoti kumuuza msodzi kuti "osanyamula zolemera" sikukwanira. Ndimati: ku doko osapondako masabata atatu, olo kukangoona.

Nde yankho la funso lanu lachiwiri ndi ili. Kuyenda pang'onopang'ono pakhomo yambani tsiku lotsatira, kugona tsiku lonse kumaundanitsa magazi m'miyendo. Sabata yoyamba ndi yachiwiri manja asakwere kupitirira mapewa, osatunga madzi pa mjigo, osawaza nkhuni, osanyamula mwana. Wa mu ofesi kapena mphunzitsi amabwerera ku ntchito pakatha sabata imodzi kapena masiku 10. Sabata yachitatu ndi yachinayi mukhoza kusoka ukonde mutakhala pansi pakhomo, kuwerengera ndalama, kuyanika usipa pa thandala bola beseni anyamule wina. Koma kupalasa bwato, kukoka chilimira, kukoka chingwe cholizira injini, zonsezi zimagwiritsa mnofu womwe uli pansi penipeni pa bala, nde ndi masabata 6, ndipo poyamba muyambe ndi theka la mphamvu. Chimodzimodzi a kabaza wopalasa pa Kamuzu Road, odula nzimbe ku Dwangwa, olima mpunga ku Lifuwu. Masabata 6 opanda ndalama ya panyanja, muwerengere ufa, sopo, transport ya ma review, ndalama imeneyi ikhale pambali musanagone pa tebulo. Ndi njala yomwe imabweza anthu ku ntchito bala lisanapole, osati kusamva.

Vesti muvale usana ndi usiku masabata 4 mpaka 6, kuvula posamba pokha. Ntchito yake ndi kukanikiza khungu kuti limatirire pa mnofu, mphako ija itsekeke, madzi asadzadzemo. Tsono taganizani vesti yothina ngati imeneyo mu October kapena November ku Nkhotakota, dzuwa loti mchenga sungaponde, usiku thukuta lili kamukamu mu neti. Ndaona anthu olimba mtima akuivula tsiku lachinayi. Thukuta pansi pa bandeji limabweretsa zidzolo, kuyabwa, kukanda, kenako bala lanyowa. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chomwe ndikukanira October. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha June kapena July, nthawi ya mwera. Kunja kwazizira, vesti ikukhala ngati juzi, ndipo masiku ambiri nyanja yakalipa anzanu nawo ali kumtunda akusoka maukonde, nde simukuluza zambiri ndipo palibe akukufunsani kuti bwanji simukulowa m'madzi.

Kusamba: masiku awiri oyamba kudzipukuta chabe, kenako dokotala akalola, madzi oyera a pa mjigo kapena otereka ndi sopo wamba, mu bafa, kuthira mopepuka nkupukuta modinda osati mokhula. Mu nyanja kapena mu Chia osalowa mpaka bala litatsekeka lonse popanda nkhanambo, tinene masabata 4. Pa bala osapaka chilichonse chomwe sanakupatseni, kaya ndi phulusa, aloe vera, Colgate, kapena ufa wa kapisozi wothyola. Gonani chagada mutatsamira mapilo awiri kapena bulangete lopinda kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo mu neti, chifukwa malungo pa nthawi imeneyi ndi chisokonezo. Thupi likatentha musangothamangira LA wa mu golosale nkumati ndi malungo, pitani akayeze magazi ndipo avundukule bala alione. Kufiira kofalikira, kutentha pa bala, mafinya, fungo, nsonga kuda bii, kupuma movutikira kapena mwendo umodzi kutupa, zonsezi nzobwerera nazo msanga. Pena pakatha sabata kapena awiri mumamva madzi akukhuthuka mkati mukagwedezeka, osapweteka kwenikweni, amenewo ndi seroma, amapopa ndi jakisoni ku chipatala, musaboole nokha. Ulusi ngati si wosungunuka wokha amachotsa pakati pa masiku 7 ndi 14.

Zakudya palibe choletsa. Akuuzani ena kuti mazira kapena nsomba zimachititsa mafinya, bodza limenelo, bala limamangidwa ndi zomwezo. Usipa, chambo, nyemba, mazira, masamba, zipatso, madzi ambiri, makamaka ngati akupatsani tramadol, mankhwala a ululu omwe amamanga m'mimba.

Tsiku lomasula bandeji koyamba ndimalidziwa bwino. Munthu amayang'ana pansi mwachidwi kenako nkhope imagwa. Chifuwa chotupa, chamikwingwirima, nsonga yokwinyika ngati mphesa youma, mbali ina yokwera kuposa inzake, ndipo amati adokotala mwachotsadi? Tachotsa. Kutupa kumatenga miyezi 3 kuti kutsike bwino, maonekedwe enieni mumawaona pa miyezi 6, chipsera chimakhwima mpaka chaka. Pa sabata yachitatu kapena yachinayi pansi pa nsonga pamalimba ngati gland yabwerera, anthu amandiimbira ali ndi mantha, koma nthawi zambiri ndi chipsera cha mkati, chimafewa ndi nthawi komanso kusisita dokotala akakulolani. Nsonga imachita dzanzi kapena kunyerenyetsa kwa miyezi, kwa ena kumva sikubwerera konse. Mbali ziwiri sizidzafanana ndendende ngati zoumba pa chikombole, ngakhale za anzanu ku doko sizifanana, kungoti simunaziyang'anitsitse. Chipsera chatsopano chikawombedwa ndi dzuwa chimada kwambiri, nde ndikudziwa kuti cholinga chonse ndi kuvula malaya, koma miyezi ingapo yoyamba padzuwa valani. Gland yochotsedwa bwino kawirikawiri siibwerera, pokhapokha chomwe chinaiyambitsa chikadalipo, ma steroid, mowa, mankhwala aja, kapena mwanenepa kwambiri.

Tsono tiwerengere limodzi. Mutapangitsa pakati pa October, masabata 6 akuthera kumapeto kwa November, nthawi yomwe mukuthamanga ndi zokonzekera ukwati, misonkhano ya komiti, kunyamula matumba a mpunga ndi makreti, ndalama zonse zikupita ku holo ndi suti inu simunalowe m'madzi mwezi ndi theka. Pa tsikulo anthu akukukumbatirani, mukuvina pa perekaniperekani maola atatu mu December, ndipo usiku wake mayi akunyumba akuona chifuwa chotupa chamabala osati chomwe mukulota. Zikavuta pang'ono, seroma kapena bala kuchita mafinya, mulowa nazo mu tchalitchi. Za m'banja zija nazo pambuyo pa opaleshoni timati dikirani masabata awiri kapena atatu ndipo chifuwa chisapanikizidwe.

Ine ndikuti October yo muigwiritse ntchito popita kukayezedwa, kuti chomwe chinayambitsa chidziwike ndipo dzina lanu lilowe pa mzere. Pa ukwati valani vesti yothina yomweyo pansi pa shati, mu suti palibe adzaone kanthu, ndawauzapo akwati angapo ndipo zithunzi zinatuluka bwinobwino. Ndipo bwenzi lanulo muuzeni panopa, ngati sanaone kale, chifukwa mwera ukadzafika ndi iyeyo adzakumangeni crepe kumsana komwe manja anu safika, ndi kukutungirani madzi osamba masabata awiri. Popita kuchipatala mutenge buku lanu, mapaketi a mankhwala onse omwe mumamwa, ndi botolo la mafuta a pa Facebook lija, dokotala akawerenge zomwe zalembedwapo.